Mtembo mu Ngalande Yatsopano

Nsapato ndizo zinayamba kuoneka. Madzi atatsika m'mawa, nsapato ziwili zakuda zinatulukila pakamwa pa kalavati, paipi yaikulu ya simenti yodutsa pansi pa msewu wa kumsika. Pamene Sajeni Keziah Mainza wa polisi ya Petauke amafika, anthu a m'komboni anali atazungulila kale malowo, ambili ali ndi matope mpaka m'maondo.

Mvula inali itagwa dzulo lake masana, yoyamba yamphamvu chaka chimenecho. Ngalande yatsopano, imene anthu anaiyembekezela zaka zambili, inalephela pa tsiku lake loyamba la nchito. M'malo motsikila kumtsinje, madzi anabwelela m'mbuyo nasefukila m'komboni ya kumunsi. Nyumba zingapo za njelwa zosaotcha zinagwa, ndipo anthu ena anali kuchipatala.

Amuna anai anamanga chingwe m'miyendo ya mtembowo nakoka. Unakana. Mbali ina ya paipi inali itasweka n'kuupanikiza mkati pamodzi ndi zinyalala ndi nthambi za mitengo. Atautulutsa, Konsitabo Febian Ngosa, amene ankayendetsa galimoto ya polisi, anavula chipewa.

"Awe mukwai," anatelo motsitsa mawu. "Awa ni a Kalaluka. Injiniya wa ngalande yamene ino."

Keziah ankawadziwa a Eustace Kalaluka: munthu wamtali, wosalankhulalankhula, amene anatumizidwa kuchokela ku Mongu kudzayang'anila nchitoyi. Anagwada pambali pao. Kumbuyo kwa mutu kunali bala lalikulu. Anayang'ananso kumapazi. Zinali nsapato za kuofesi, zingwe zake zili zomanga bwinobwino.

"Anabwela kuona ngalande mvula ili mkati, anatelela," anatelo Ngosa. "Mutu anamenyetsa pa simenti. Yatha nkhani."

Keziah anatola chidutswa cha paipi yosweka ija nachifinya. Chinafumbutuka m'manja mwake ngati dothi la pachulu. Anasuzumila pamene panaswekapo kufuna waya amene amaikidwa mkati mwa mapaipi otelo. Munalibe ngakhale kamodzi. Pamwamba pa msewu panali chikwangwani chachikulu cha nchitoyi, chojambulidwa tauni ya misewu yatala, mitengo m'mbali, ndi nyale zoyaka ndi dzuwa. Matope anali atachithimbiliza mpaka pakati.

"Ndani anawaona poyamba?" anafunsa Keziah.

"Neo, amai!" Mayi wina wonenepa, chitenje chili chonyowa, anakankha anzake n'kubwela kutsogolo. Anali a Goodness Nyendwa, ogulitsa tomato pamsika. "Nenze kufuna mapoto yanga yamene madzi yanatenga. Naona nsapato, nati mwayi wanga, nizapasa amuna anga. Nagwila, nimva muli mwendo! Mayo ine!"

"Mailo masana munawaona pano a Kalaluka?"

"Kuona? Mvula ija munthu sangaone na dzanja lake. Tonse tenze m'nyumba, kukweza ana pamatebulo. Koma ngati mufuna wamene wawapaya, osavutika. Funsani a Daka, aja opala matabwa. Ngalande inadula shopu yao pakati. Anakamba pamaso pa msika wonse ati, injiniya uyu nizamugoneka mu mugodi wake wamene uyu."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Keziah atatembenuka anaona kuti anyamata ena achoka kale pagulupo, akuthamangila kumtunda.

"Ngosa, thamangani," anatelo. "A Daka akafike kupolisi ali moyo."

* * *

Kunyumba kwa a Kalaluka azimayi a kutchalitchi anali atayamba kale kutulutsa mipando m'chipinda chochezela. Mkazi wao, a Jessy, mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale, anakhala pamphasa atatsamila khoma. Sankalila. Keziah anavula nsapato pakhomo nakhala pansi pafupi nao.

"Pepani, amai. Ndikudziwa kuti si nthawi yake ya mafunso."

"Funsani," anatelo a Jessy, mawu ao ali pang'onopang'ono ngati akuwelengela ana m'kalasi. "Anthu akuti anamila. Amuna anga, bambo ake Mbumwae, sangamile m'ngalande. Anakulila kumene madzi amasamutsa mudzi wonse chaka ndi chaka. Anadziwa kupalasa bwato asanadziwe kulemba dzina lao."

"Anachoka nthawi yanji mailo?"

"M'mawa, ine ndikukonzeka kupita kusukulu. Anakwela njinga yao yamoto. Anavala helimeti, anatenga kanyundo kao, ndi kachigubu ka petulo anamangilila kumbuyo."

"Kachigubuko amatenga masiku onse?"

"Iyayi. Pokhapokha ulendo ukakhala wautali."

"Anati akupita kuti?"

"Sananene. Ndinafunsa, anangoti, Jessy, ndikabwela ndidzakuuza, mwina ndikuganiza molakwa. Sabata yonseyi sankagona bwino. Nchito iyi ankaikonda kuposa mmene anthu akudziwila. Ankati tauni ikukula, anthu akubwela kuchokela m'midzi, ndipo chinthu choyamba ndi kuwapatsa madzi njila yao. Msewu, msika, magetsi, zonsezo zimakhala pamwamba. Pansi pakalakwika, ana athu adzamanganso zonse kachiwili. Ndinkawaseka kuti akwatila ngalande."

Mayi wina anabwela ndi kapu ya madzi, a Jessy anakana ndi dzanja.

Potuluka, Keziah anaima pakhonde. Majombo aatali a mphila anali atavundikilidwa pa timitengo tiwili kuti asalowe zinkhanila. Anali ouma.

"Kungalande amapita osavala awa?" anafunsa ataloza.

"Ngakhale kunja kuli dzuwa, sapondako opanda majombo," anayankha a Jessy ali mkati. "Nanga njinga yao mwaipeza?"

Kungalande kunalibe njinga. Kunalibenso helimeti.

* * *

A Josiah Daka anafika kupolisi mlomo uli wong'ambika, malaya opanda mabatani. Ngosa anawalanditsa m'manja mwa anyamata aja atayamba kale kuwagwetsela pansi. Anali bambo wachikulile, wamanja okhakhala, ndipo anakhala pabenchi akuyang'ana khoma.

"Munanena kuti mudzawagoneka m'ngalande," anayamba Keziah.

"Nanena. Pakamwa panga pananena."

"Mailo munali kuti?"

"Ku Nyampande. Kudimba."

"Ndani anakuonani?"

"Alamu anga. Na anthu onse amene tenze nao kubisala mvula pa chigayo. Kamtsinje kanadzala, nagona kwamene kuja. Nabwela lelo na njinga, nifika chabe panyumba, anthu ayamba kunimenya." Analavula magazi pakansalu. "Shopu ija ninamanga na manja yanga. Anabwela na penti yofiila, alemba pachipupa, pakapita mwezi theka la shopu kulibe. Mweo mungaseke?"

"Ndiye munawazonda, munadana nao."

"Ninawazonda. Koma ninaleka."

Keziah anadikila. A Daka sanali munthu wothamangila mawu.

"Sabata yatha anabwela okha. Pafupi na shopu yanga penze paipi imodzi yamene inatsala, anyamata a kampani anaisiya. Anaizungulila, aizungulila. Atulutsa kanyundo, amenya kamodzi chabe. Paipi yaboka monga mphika. Anakhala pansi pa matope, injiniya wathunthu, agwila mutu. Neo nenze pakhomo, niyang'ana. Aniitana ati, bambo Daka, shopu yanu ninaigwetsa kuti madzi yasapaye anthu. Manje onani chamene taika pansi pa msewu."

"Kenako?"

"Ananifunsa ngati niziwa kwamene aumbila mapaipi. Ati yamene anawaonetsa poyamba yenze yabwino, ya waya mkati. Nati lole yamene ibweletsa imachokela ku Nyimba, njila ya ku Nyalugwe. Dalaivala anagulako mpando kwa ine, ndiye ananiuza."

"Bwanji simunawauze anthu aja zimenezi?"

"Munthu akumenya na njelwa, uzamuuza nkhani?"

Foni ya Keziah inalila. Anali dokotala amene anapima mtembo. Keziah anatuluka panja, namvetsela atatseka khutu linalo ndi chala.

"M'mapapo mulibe madzi," anatelo dokotala. "Munthuyu analowa m'ngalande atafa kale. Chinanso, mkati mwa bala ndi m'mphuno ndapezamo fumbi la simenti, lagwilana ndi magazi. Anagwa chafufumimba pamalo pamene pali simenti yambili youma."

Keziah anabwelela mkati. Ngosa anali akulembabe mawu a Daka.

"Siyani zimenezo," anatelo Keziah. "Apatseni madzi asambe kumaso, koma asatuluke, kunja sikuli bwino. Ife tikupita ku Nyimba."

* * *

Atayenda ndithu pamsewu waukulu wopita ku Lusaka, matope a m'mbali anatha. Udzu unali wouma, mbuzi zikukanda fumbi. Pa Nyimba azimayi ogulitsa nthochi anathamangila galimoto ndi mabeseni pamutu. Keziah anatsitsa galasi nagula phava limodzi.

"Mvula inagwa bwanji kuno mailo, amai?"

"Mvula iti? Tinangomva kugunda kwa anzathu uko. Kuno olo dontho. Onani nthochi mmene zafotela."

Bwalo loumbila mapaipi linali kunja kwa tauni, lozingidwa ndi mpanda wa waya. Mapaipi anandandalikidwa m'mizele padzuwa, ndipo fumbi lotuwa linali paliponse, pamasamba, pamalata, ngakhale pamsana pa galu amene anagona pachipata. Keziah anauza Ngosa kuti aimike galimoto pachipata penipeni ndipo asachokepo.

Mwini kampani, a Fredrick Muyunda, anawalandila m'kaofesi ka malata. Anavala malaya oyela osapindika paliponse, ndipo mawu ao anali ofewa, a munthu wozolowela kulankhula pamisonkhano.

"Ndamva, amai Sajeni, ndamva. Tataya munthu. Dziko lino likusowa anthu ngati a Kalaluka. Ine ndi iwo tinali ndi loto limodzi: matauni athu ano akhale malo amene mwana wobadwa lelo adzanyadile. Ngalande, misewu, madzi a m'mipope. Osati kumangothamangila ku Lusaka tonse."

"Anabwela kuno mailo?"

"Kuno? Ayi. Akanabwela akanandiimbila."

"Inu munali kuti?"

"Ku Petauke, pamsonkhano wa amalonda. Anthu oposa makumi atatu anandiona. Ndinalankhulapo za tsogolo la msika."

"Msonkhanowo unayamba masana. M'mawa munali kuti?"

A Muyunda anamwetulila. "Panjila, amai. Galimoto siuluka."

"M'mapaipi anu muli waya?"

Kumwetulila kuja kunakhalapobe, koma maso anasiya kuseka. "Zimenezo ndi za akatswili. Mvula ya mailo inali yoposa muyeso. Ngakhale paipi ya ku Ulaya ikanasweka."

"Lole yanu inapita ku Petauke mailo?"

"Lole yafa giya. Sabata yonse sinasunthe pamene ilipo. Mukhoza kufunsa aliyense."

"Zikomo, bambo. Ndingoyendako pang'ono, miyendo yauma m'galimoto."

Anayenda pakati pa mizele ya mapaipi osafulumila. Chakumapeto anapeza paipi imodzi yobooka pambali, bowo lake laling'ono ngati la nyundo. Patsogolo pake wina anali atathilapo mchenga watsopano, malo aakulu ngati mphasa, pamene bwalo lonse linali la fumbi lotuwa. Keziah anapalasa mchengawo ndi nsonga ya nsapato. Pansi pake dothi linali lakuda.

Anadzutsa mutu. Pampanda panali patayanikidwa tenti yaikulu yophimbila katundu. Anaigwila m'mapindilo. Inali yonyowa.

Kuseli kwa shedi kunamveka madzi akukhavukila pachitsulo. Munthu wina ankatsuka lole.

* * *

Anali mwamuna wa zaka za m'ma makumi atatu, woonda, maso ali ofiila ngati sanagone. Ataona yunifolomu anaimika ndowa pansi, madzi n'kutayikila pamapazi ake.

"Dzina lanu, bambo?"

"Kondwelani. Kondwelani Miti."

"Ndinu dalaivala wa lole iyi?"

"Inde, bwana. Koma yafa. Giya. Sabata yonse sinayende."

Ananena mofulumila kwambili, ngati mwana wobweleza zimene wauzidwa. Keziah anawelama, nalowetsa dzanja pamwamba pa tayala lakumbuyo pamene madzi a m'ndowa sanafike. Anatulutsa chibuma cha matope ofiila nachikanda ndi zala. Chinali chofewa.

"Ku Nyimba mvula sinagwe, a Miti. Matope awa mwawatenga kuti?"

Kondwelani anayang'ana kuofesi, kenako pansi.

"Siniziwa, bwana."

Keziah anapukuta dzanja paudzu nakhala pachitsulo chokwelela m'lole, ngati munthu amene alibe changu. "Ndikuuzeni zimene ndaona lelo. Munthu wina anaponya mtembo m'ngalande mvula ili mkati, kuti tiziti anamila. Mwina ankaganiza kuti madzi autenga mpaka kumtsinje. Sunapite. Paipi inasweka, mtembo unakakamila mkati, zinyalala zinaunjikana kumbuyo kwake. Ngalande inatsekeka. Madzi onse a kumsika ndi a kumtunda anakhotela m'komboni ya kumunsi."

Kondwelani anadzutsa mutu msangamsanga. "Komboni ya kumunsi?"

"Nyumba zagwa. Anthu ali kuchipatala."

"Nyumba ziti?" Mawu ake anasintha. "Bwana, nyumba ziti? Za kufupi na mpope? Kuli nyumba ya chitseko chobiliwila, pali mtengo wa mango kutsogolo. Ija ili bwanji?"

"M'nyumbamo mumakhala ndani?"

"Amai anga."

"Simunawaimbile?"

"Foni abwana ananilanda mailo. Ati nizakamba vambili."

Atangotelo anazindikila chimene wanena, koma sanayese kuchibweza. Keziah anatulutsa foni yake, naimbila a Goodness Nyendwa, amene anamupatsa nambala m'mawa, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Amai Nyendwa, nyumba ya chitseko chobiliwila pafupi ndi mpope mukuidziwa?"

"Ya amai Miti? Mayo, ija ndiye inayamba kugwa! Chipupa chinawagwela pamiyendo, madzi yafika m'khosi. Tinawafukula na makasu, seo azimayi. Ali kuchipatala, mwendo umodzi adokotala akuti kaya. Kuchokela mailo angoitana mwana wao Kondwelani, foni yake siilowa. Mwana wabwanji wamene uyu?"

Keziah anadula foni. Kondwelani anatsetseleka ndi tayala mpaka anakhala m'matope a madzi ake otsukila. Analila osatulutsa mawu, pakamwa pali pululu. Keziah anamusiya mpaka mpweya unabwelela.

"Sin'nawapaye ine," anatelo pomaliza. "A injiniya anafika m'mawa na honda, njinga yao yamoto ija. Ayenda m'mizele, amenya paipi na kanyundo, yaboka. Aitana abwana. Ati, a Muyunda, nchito iyi yaima lelo. Zonse zamene mwaika pansi muzafukula, ndipo nizakamba kwa akuluakulu. Abwana ayamba kuwanyengelela, ati tikambilane monga amuna. A injiniya akana. Ati pamsewu uja papita ana a sukulu. Atembenuka kuti akwele honda. Abwana atola chitsulo cha chikombole choumbila mapaipi."

Anaonetsa ndi dzanja mmene chinatsikila.

"Anchito ena anali kuti?"

"Enze kumtsinje, kukumba mchenga. Tenze atatu chabe. Abwana ati, Kondwelani, ukakamba, nizati ndiwe. Azakhulupilila ndani, ine olo iwe? Tawaika m'lole na honda yao, taphimba tenti. Iwo atsogola na galimoto yao kupita kumsonkhano. Ati ukapeza mvula ku Petauke, uwaike m'ngalande, honda uisiye pambali. Nafika, mvula ili yakuda, msewu ulibe munthu. Nawatsitsa." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Honda n'nalephela kuitsitsa nekha. Nabwela nayo."

"Ili kuti?"

Analoza paipi yaikulu kwambili kumapeto kwa bwalo, imene kukamwa kwake kunatsekedwa ndi masamba a nthochi.

Nthawi yomweyo injini inalila kutsogolo kwa ofesi. Keziah anathamanga kuzungulila shedi. Galimoto yoyela ya a Muyunda inali itafika kale pachipata, koma panalibe podutsa. Ngosa anali atatsamila galimoto ya polisi, akusenda nthochi.

"Mwaswela bwanji, mukwai," anatelo Ngosa. "Muyenda kuti na changu chonchi?"

A Muyunda anatsika okha. Sanalimbane pamene ankawaveka unyolo. Anangoyang'ana mizele ya mapaipi ija, kenako Keziah.

"Mukudziwa chimene mukuchita, amai? Pano pamadya mabanja makumi anai. Mukanditsekela, ngalande ija adzamaliza ndani? Mvula yangoyamba kumene."

"Mapaipi opanda waya munaika pati ndi pati?"

"Ndilankhula loya wanga akabwela."

Kondwelani ndiye anayankha ali kumbuyo. "Yonse, bwana. Kuchokela kumsika mpaka pa sukulu. Ya waya yenze khumi chabe, yoonetsa alendo."

Keziah anaimbila mkulu wake ku Petauke, napempha kuti msewu wa kumsika utsekedwe tsiku lomwelo, malole ndi mabasi asadutsepo, ndiponso kuti anthu otsala m'komboni ya kumunsi asamutsidwile kutchalitchi cha kumtunda. Anapemphanso kuti a Daka awapelekeze kunyumba ndi wapolisi, ndipo anthu auzidwe poyela kuti bamboyo alibe mlandu.

* * *

Anafika ku Petauke dzuwa litapendeka, a Muyunda ndi Kondwelani ali kumbuyo, onse ndi unyolo m'manja. Kum'mawa mitambo inali itayambanso kuunjikana. Pamsewu wa kumsika apolisi anali ataikapo migolo, ndipo azimayi ankakwela chitunda atasenza matilesi onyowa. A Muyunda anawasiya m'chitolokosi. Ngosa atagwila mkono wa Kondwelani kuti nayenso atsike, Keziah anamuletsa.

"Tiyambe tapita kuchipatala."

"A Sajeni, malamulo..."

"Ndikudziwa. Mlanduwo ukhale wanga."

Pakhomo la wodi ya azimayi Keziah anavula jekete yake naiponya pamanja a Kondwelani kuti unyolo usaoneke. Amai Miti anagona pabedi lakumapeto, kamayi kakang'ono ka imvi, mwendo uli wokulungidwa kuyambila m'chiuno. Ataona mwana wao anayesa kudzuka.

"Kondwelani! Wenze kuti, mwana wanga? Nakuitana, nakuitana."

"Nenze ku nchito, amai."

"Nyumba yapita. Mbuto zanga za nshawa, vitenje, chithunzi cha atate ako, vonse." Anamuyang'ana kumaso. "Waonda. Wadya lelo?"

Kondwelani anagwada pambali pa bedi.

"Wamva vamene akamba anthu?" anapitiliza amai Miti. "Ati munthu anapaya injiniya, amuponya mu paipi, ndiye madzi yabwela kwa seo. Injiniya uja wamtali, wenze kunipatsa moni nikakhala pa mango. Nagona pano niganiza, wamene anachita ichi ali na amai ake? Anamuyamwitsa munthu?"

Anatambasula dzanja kuti agwile la mwana wao monga ankachitila kale. Zala zao zinalowa pansi pa jekete, zinakhudza chitsulo, n'kuima. Anakoka jeketeyo pang'onopang'ono mpaka inagwela pansi.

Anayang'ana unyolowo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana Keziah, amene anaima kumiyendo kwa bedi, ndipo Keziah sanathawitse maso.

"Amai," anatelo Kondwelani. "Sin'napaye ine. N'nanyamula chabe."

Amai Miti sanachotse dzanja lao pamanja ake. Anatembenuzila nkhope kukhoma.

"Mutengeni, amai apolisi," anatelo motsitsa. "Akakambe vonse, asasiyeko olo chimodzi. Koma mumupatseko chakudya. Sanadye."